Mphika wa pa Kanema ndi Mphika wa pa Mafuwa

 Nkhani yathu lero ndi ya mapologalamu ophunzitsa kuphika amene amaonetsedwa pa wailesi ya kanema, ndiponso ya anthu amene amaphika m'mapologalamuwo. Funso loyamba limene tifuna kuyankha ndi ili: kodi n'chiyani chimene chimachititsa munthu kukhala pansi theka la ola kuonerera mnzake akuphika chakudya chimene iye sadzachilaŵa, ngakhale kumva fungo lake? Tikatha pamenepo tidzafunsanso lina: kodi wophika wa pa kanema amene angayenere anthu a kunyanja ayenera kukhala wotani?

Kuno kwathu wailesi ya kanema inachedwa kufika. Wailesi ya MBC inayamba mu 1964, koma Television Malawi inadzayamba kuulutsa mu Epulo 1999, pamene anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe anali atakhala ndi kanema zaka zoposa 30. Masiku ano nyumba zoulutsa kanema zachuluka, ena ali ndi DStv kapena GOtv, ndipo achinyamata ambiri amaonera zophikaphika pa lamya za m'manja kudzera pa YouTube, Facebook ndi TikTok. Motero ophika a kutali aloŵa m'nyumba zathu, ndipo ena mwa iwo timawatchula maina ngati anansi. Tiyeni tione angapo mwa iwo, ndi chimene anthu anawakondera.

Mu Januwale 1937, wailesi ya kanema ya BBC ku London inaonetsa Mfalansa wina, dzina lake Marcel Boulestin, akuphika pamaso pa oonera. Ambiri amati iyeyu ndiye anali woyamba kuchita zimenezi. Ngakhale anali mwini nyumba yodyera yotchuka, phunziro lake loyamba linali la kakazingidwe ka mazira. Anasankha chinthu chimene woonera aliyense akadatha kuchiyesa tsiku lomwelo. Apa ndi pamene pali chinsinsi choyamba: woonera amakonda mphunzitsi amene amayambira pamene wophunzira ali.

Ku America kunali mayi wina wotchedwa Julia Child, amene anayamba pologalamu yake ya The French Chef mu mzinda wa Boston mu 1963, ali ndi zaka 50. Anali wamtali kwambiri, wa mawu achilendo, ndipo sanali wa maonekedwe amene anthu ankayembekezera pa kanema. Tsiku lina, potembenuza mbatata ya kachewere m'chiŵaya, ina inagwera pambali pa moto. Iye sanachite manyazi. Anaitola, naibwezera m'chiŵaya, nauza oonera kuti zotere zimachitika ndipo zimakonzeka. Anthu akukumbukirabe kachinthu kameneka kufikira lero, ngakhale mayiyo anamwalira mu 2004. Chifukwa chake n'chodziŵika kwa aliyense amene anapserezapo ndiwo kapena kuphika nsima ya mibulu: mantha a wophunzira amachepa akaona kuti ngakhale katswiri dzanja limamterereka, ndipo chakudya chimadyekabe.

Wachitatu ndi amene angakondweretse kwambiri inu asodzi. Pakati pa zaka za m'ma 1980, Mngelezi wina, Keith Floyd, anatulutsa mphika m'nyumba zojambulira n'kupita nawo kumadoko ndi m'maboti a asodzi, m'pologalamu yotchedwa Floyd on Fish. Ankaphika bwato likugwedezeka, mphepo ikuzimitsa moto, ndipo kaŵirikaŵiri ankalamula wojambula kuti aloze makina ake mumphika m'malo moloza nkhope yake. Ankacheza ndi eni malowo, nawafunsa maina a nsomba ndi kaphikidwe kawo. Oonera anaphunzira kuti chakudya chili ndi kwawo, ndipo kuti msodzi ndi mkazi wake amadziŵa za nsomba zimene sizinalembedwe m'buku lililonse.

Winanso ndi Delia Smith, wa ku Britain komweko, amene anthu anamkonda kaamba ka kudalirika kwake. Sankaseka kwambiri kapena kuchita nthabwala. Ankanena muyeso weniweni ndi nthaŵi yeniyeni, ndipo amene watsata malangizo ake chakudya chinkatuluka monga momwe ananenera. Mu 1998, m'pologalamu ya How to Cook, anaphunzitsa anthu aakulu kaŵiritsidwe ka dzira. Ena anamseka, koma malonda a mazira anakwera m'dziko lonselo. Tisunge mfundo imeneyi, pakuti tibwereranso kwa iyo: wophika wokhulupiridwa amasintha zimene anthu amagula kumsika.

Tibwere kufupi ndi kwathu. Siba Mtongana anakulira ku Mdantsane, pafupi ndi mzinda wa East London ku South Africa, ndipo anagwirapo ntchito yolemba za zakudya m'magazini ya Drum. Mu 2013 anayamba pologalamu ya Siba's Table pa Food Network, imene inaonetsedwa m'maiko ambiri. Mayi ameneyu anatenga zakudya zimene anakula nazo, nsima ya kwawo ndi ndiwo zamasamba, naziika patebulo pamaso pa dziko lonse popanda kupepesa. Amatchula makolo ake, amaphikira banja lake ndi abwenzi, ndipo woonera wa mu Africa amadziona yekha m'khitchini imeneyo. Kwa mtsikana wa ku Malindi kapena ku Monkey Bay, kuona ufa wa chimanga ukulemekezedwa motero ndi phunziro lalikulu kuposa kaphikidwe kenikeniko.

Tikasonkhanitsa anthu asanu ameneŵa, tiona kuti chikoka chawo chagona pa zinthu zimene ife tikuzidziŵa kale. Amayambira pa chapafupi, sabisa cholakwa, amaonetsa manja awo, amanena zoona, ndipo amalemekeza chakudya cha eni dera. Kodi si momwemo mmene mtsikana amaphunzirira kwa amake kapena kwa agogo ake? Amakhala pambali pa mafuwa, napatsidwa mthiko, nauzidwa kuti adikire phala libwate asanawonjezere ufa, kuti athire pang'onopang'ono, avundule ndi mphamvu, anyoŵetse chipande asanaomole. Nsima ikakhala yosapsa amasekedwa pang'ono, maŵa n'kupatsidwanso mthiko. Wophika wabwino wa pa kanema amakhala pa malo a mayi ameneyu. Tikamuonera timamva ngati takhala pambali pa munthu amene amatifunira zabwino, ndipo n'chifukwa chake timabweranso sabata yotsatira pa nthaŵi yomweyo.

Komabe, omvera athu, pali mpata waukulu pakati pa khitchini ya pa kanema ndi yathu. Kalembera wa anthu wa mu 2018 anaonetsa kuti mwa nyumba 10 zilizonse m'Malaŵi, pafupifupi imodzi yokha ndiyo inali ndi magetsi, ndipo nyumba zoposa 9 mwa 10 zinkaphikira nkhuni kapena makala. Boma la Mangochi lokha linali ndi anthu oposa 1,100,000, ambiri a iwo okhala kumidzi. Tsono wophika wa kunja akanena kuti tenthetsani uvuni kufika pa madigiri 180, kapena kuti ikani m'firiji usiku wonse, mayi wa ku Makanjira wasiyidwa panjira. Amaonera monga momwe munthu amaonerera gule wa mtundu wina: amasangalala, koma sangavine nawo. Choopsa n'chakuti mwana amene wakula akuonera zoterezi angayambe kuganiza kuti kuphika kwenikweni ndi kwa uvuni ndi tchizi, ndipo kuti zimene amake amachita ndi usipa ndi nsinjiro ndi umphaŵi chabe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Zakudya zimene tili nazo m'manja ndizo ziyenera kuyamba kuphunzitsidwa.

Tsopano tibwerere ku mfundo ija ya msika, pakuti kwa anthu a kunyanja ndiyo yolemera koposa. M'zaka za m'ma 1980, mu mzinda wa New Orleans ku America, wophika wotchuka Paul Prudhomme anatchukitsa njira yokazingira nsomba yotchedwa redfish m'chiŵaya chotentha kwambiri, itapakidwa zokometsera. Anthu m'dziko lonselo anafuna kulaŵa, nyumba zodyera zinatsanzira, ndipo asodzi anaipha nsombayo mochuluka kotero kuti boma linaletsa usodzi wake wa malonda m'madzi ake a ku Gulf of Mexico. Munthu mmodzi ndi chiŵaya chimodzi anagwedeza nyanja. Koma mphamvu yomweyo ingagwirenso ntchito yabwino. Mu 2011, wophika wina wa pa kanema ku Britain, Hugh Fearnley-Whittingstall, anaonetsa mmene asodzi ankatayira m'nyanja nsomba zakufa kale chifukwa cha malamulo a kuchuluka kwa zimene aloledwa kutsitsa padoko. Analimbikitsa anthu kudya mitundu ina ya nsomba imene ankainyoza, ndipo mu 2013 maiko a ku Ulaya anagwirizana zoyamba kuthetsa mchitidwe wotaya nsombawo.

Nanga ife nsomba yathu yotchuka ndi iti? Palibe amene sadziŵa kuti ndi chambo. Mlendo akafika ku Mangochi, kaya ku Nkopola, ku Makokola kapena pa nyumba yodyera ya m'tauni pafupi ndi mlatho wa Shire, chimene amayamba kufunsa ndi chambo. Wojambula aliyense wofuna kuonetsa chakudya cha Malaŵi amathamangira chambo chootcha pambali pa nsima kapena mpunga. Koma inu asodzi mukudziŵa bwino mmene zinthu zilili. Ku nyanja ya Malombe, kumene chambo chinali chochuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, usodzi wake unagweratu pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo m'malo mwake munatsala kambuzi. N'chifukwa chake mu 1993 kunayambika makomiti a m'madoko, oti eni ake athandizane ndi boma kuteteza nsomba. Mu 2018, bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi pa dziko lonse, linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Chambo chimaswana mosiyana ndi nsomba zambiri. Chachimuna chimakonza malo pamchenga pansi pa madzi, ndipo chachikazi chikaikira mazira chimawasunga m'kamwa mpaka ataswa, n'kupitiriza kusunga ana ake momwemo kufikira atakhwima pang'ono. Chotero amene wagwira chambo chimodzi chachikazi pa nyengo yoswana wapha ana ambirimbiri pamodzi ndi make. Ichi ndicho chifukwa cha lamulo lotseka nyanja kumapeto kwa chaka, ndiponso cha kuletsa maukonde a maso ang'onoang'ono, kuphatikizapo masikito amene anaperekedwa kuti atiteteze ku malungo. Wophika wa pa kanema amene angaonetse chambo chaching'ono m'chiŵaya, kapena kukometsa chambo m'mwezi wa Novembala osanenapo kanthu za nyengo yoswana, akuphunzitsa anthu zikwizikwi kudya mbewu. Koma amene angaime pamaso pa oonera n'kunena kuti mwezi uno tisiye chambo chilere ana, tiphike zina, angathandize nyanja kuposa zikwangwani zambiri za m'mbali mwa msewu.

Ndipo zina zoti tiphike zilipo zambiri. Taganizani pologalamu yojambulidwa pa doko la Msaka kapena la Malembo m'maŵa, asodzi a chilimira akutsitsa usipa umene aupha usiku ndi nyali. Wophikayo ayambe ndi kutiphunzitsa kusankha nsomba yaiŵisi: maso oŵala, mnofu umene ukadinidwa ndi chala umabwerera, fungo la madzi a m'nyanja lokha. Kenaka apite pa thandala, amayi ogulitsa atifotokozere kusiyana kwa usipa wongoyanika pa dzuŵa ndi usipa wofutsa, umene umayamba waviikidwa m'madzi oŵira a mchere usanayanikidwe, ndi chifukwa chake wofutsawo suŵaŵa kwambiri. Atisonyeze kuchotsa mitu, kukazinga pang'ono m'chiŵaya chouma, kutsuka ndi madzi ofunda kuti mchenga uchoke, ndi nthaŵi yoyenera kuthira tomato, anyezi kapena nsinjiro. Sabata yotsatira akhale pa utaka woŵamba, ina pa kampango, ina pa mcheni kapena mlamba. Atiphunzitse kutumbula nsomba osaphulitsa ndulu, pakuti ndulu ikaphulika ndiwo zonse zaŵaŵa. Zonsezi achitire pa mafuwa kapena pa mbaula ya chitetezo, ija ya dothi yosatha nkhuni, natiuza mmene amachepetsera moto posolola chikuni, popeza ife tilibe kabatani kotembenuza.

Nkhani ya usipa ikukhudzanso thanzi la ana athu. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lino wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Nsomba zing'onozing'ono zimadyedwa zathunthu, pamodzi ndi minga yake, motero zimapereka zolimbitsa mafupa ndi zowonjezera magazi kuposa mnofu wokha wa nsomba yaikulu. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kukazinga usipa, kuusinja mu mtondo, kuusefa, ndi kuthira ufa wakewo m'phala la mwana. Amaphunzitsanso za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Koma uphungu wa pa sikelo ya ana umaiŵalika msanga. Mayi akaona munthu amene amamkonda ndi kumkhulupirira akusinja usipa pamaso pake, naona mwana akudya phalalo mokondwa, maŵa lake amayesa.

Kumtunda nakonso kuli chuma. Mangochi ndi dziko la malambe, amene ufa wake umakometsa phala ndi zakumwa. Kuli nkhwani wotendera, chisoso, bonongwe, therere la chidulo, ndi mfutso wosungidwa kudikira chilimwe. Kuli futali wa mbatata, chinangwa kapena maungu, amene abale athu achisilamu amamdziŵa bwino pa mwezi wa Ramadan pomasula kusala dzuŵa likaloŵa. Kuli thobwa, chigumu ndi zitumbuwa. Chilichonse mwa izi chili ndi akatswiri ake, ndipo ambiri a iwo ndi amayi achikulire amene sanalembepo muyeso pa pepala. Muyeso wawo uli m'dzanja ndi m'diso. Akamwalira osajambulidwa kapena kufunsidwa, nzeru imeneyo imapita nawo kumanda. Palinso akhukhi a m'mahotela a m'mbali mwa nyanja ndi ophika m'sitima za ku Monkey Bay, amene aphikira alendo a mitundu yonse zaka zambiri, ndipo akudziŵa kukwatitsa kaphikidwe ka kunja ndi ka kwathu. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Sitikukana zachilendo. Tikungoti kalumoko kamete mutu umene tili nawo.

Wophika wotere ayeneranso kulankhula chinenero cha oonera ake. Ku Mangochi anthu ambiri amalankhula Chiyao m'nyumba zawo ndi Chinyanja cha kunyanja m'madoko. Mayi wa ku Katuli kapena ku Namwera akamva dzina la ndiwo zake likutchulidwa bwino m'chinenero chake, amatchera khutu. Akamva Chingelezi chokhachokha, amadziŵa kuti phunzirolo anakonzera ena.

Mwina wina afunsa kuti, popeza nyumba zambiri zilibe kanema, kodi zonsezi zitithandiza chiyani? Yankho lake ndi wailesi imene mukumverayi. Pa nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, kuyambira mu 1940, BBC inkaulutsa m'maŵa pologalamu ya mphindi zisanu yotchedwa The Kitchen Front, yophunzitsa amayi kuphika ndi zochepa zimene zinkapezeka pa nthaŵi ya kusoŵa. Anthu mamiliyoni ankaimvera popanda kuona chithunzi chilichonse. Kuno kwathu, boma la Mangochi ndilo linayamba kukhala ndi wailesi ya m'dera, ya Dzimwe, imene inayambira ku Monkey Bay mu 1998 ndi cholinga chopereka mawu kwa amayi a kumidzi, ndipo Radio Maria nayo ili m'boma lomwelo. Pa MBC, pologalamu ya Zokonda Amayi inabala magulu a amayi m'maboma ambiri, umboni wakuti liwu lokondedwa limasonkhanitsa anthu ngakhale nkhope isaoneke. Kuphika kuli ndi mawu ake amene wailesi imawanyamula bwino: kulira kwa munsi mu mtondo, kuthetheka kwa nkhuni, kubwata kwa phala, kulira kwa mafuta nsomba ikagwera m'chiŵaya. Woulutsa waluso akauza womvera kuti mafuta akalira chonchi ndiye kuti afika, mayi amene ali pa moto ndi wailesi pambali pake waphunzira monga momwe akadaphunzirira ndi maso.

Pomaliza, tili ndi pempho kwa magulu atatu. Kwa inu okonza mapologalamu, a wailesi ndi a kanema omwe: posankha wophika musayang'ane nkhope ndi zovala zokha. Funani munthu woleza mtima, wodziŵa moto wa nkhuni, wosachita manyazi ndi usipa, amene angakhale pamphasa ndi agogo a m'mudzi n'kuwafunsa mwaulemu, ndiponso wolimba mtima kunena zoona za chambo ngakhale amalonda ena asakondwe. Kwa inu achinyamata amene muli ndi lamya zojambula: musanajambule keke imene mwatsanzira kwa wophika wa ku London, jambulani amayi anu akufutsa usipa kapena akutcheza chidulo, muwafunse chifukwa cha chilichonse chimene akuchita, ndipo musunge bwino zimene mwajambulazo. Kwa inu nonse oonera ndi omvera: pitirizani kusangalala ndi ophika amene mumawakonda, a kuno ndi a kunja, koma pologalamu ikatha dzifunseni mafunso aŵiri. Kodi chimene ndaonachi ndingachiphike ndi zimene zili pamsika wa kwathu ndi pa moto wa m'nyumba mwanga? Kodi anthu onse amene aonera lero atachiphika, nyanja ndi minda yathu zidzapirira? Wophika amene mayankho onse aŵiri amuvomereza, ameneyo ndiye woyenera kumpatsa theka la ola lanu sabata iliyonse.